Ndalama imene uli nayo mthumba madzulo si phindu la takisi

Pali funso limodzi lomwe ndimakonda kuwafunsa anzanga oyendetsa takisi tikakhala pa renki tikudikira makasitomala, ndimati kodi achimwene, kilomita imodzi galimoto yanuyi imakudyerani zingati? Pafupifupi aliyense amayankha za mafuta, amati lita imodzi imandiyendetsa makilomita akutiakuti, basi nkhani yathera pomwepo. Inenso ndinkayankha chomwecho kwa zaka ziwiri zathunthu, mpaka tsiku lomwe giya bokosi inafa ndili ndi kasitomala kumbuyo, ndipo nditafunsa mtengo wa ina ndinapeza kuti ndalama yonse yomwe ndinkaitcha phindu ija ndinali nditaidya kalekale, palibe chomwe ndinasunga chifukwa ndinkaona ngati zinthu zikuyenda. Galimoto inakhala pa galaja masabata asanu. Ndikulemba izi chifukwa zimandipweteka kuona anthu olimbikira, odzuka 4 koloko m'mawa, akudutsa njira yomweyo mmodzimmodzi.

Mfundo yanga ndi iyi, ambirife mu bizinesi imeneyi tikugulitsa galimoto zathu pang'onopang'ono kwa makasitomala, ndalama yogulitsirayo nkumaitcha phindu. Ndipo vuto si ulesi ayi, vuto ndi loti ndalama yolowa imaoneka tsiku lomwelo pomwe yotuluka yambiri imabisala, imadzatulukira patapita miyezi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti mumayenda makilomita 200 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, masabata 50 pa chaka. Amenewo ndi makilomita 60,000. Munthu amene amangogwiritsa galimoto yake kupita kuntchito nkubwerera zimamutengera zaka zingapo kuti afike pamenepo, inu mwafika chaka chimodzi. Ngati galimoto yanu imamwa malita 8 pa makilomita 100, pa chaka mwathira malita 4,800. Ngati oilo mumasintha pa makilomita 5,000 aliwonse, nde kuti sevisi ndi ka 12 pa chaka, mwezi uliwonse. Munthu akamagula galimoto yoti ayambe takisi amaganiza ngati mwini galimoto wamba, pomwe chimene wagula ndi makina a fakitale oyenda tsiku lonse.

Mafuta aliyense amawadziwa, nde sindikhalitsapo, koma pali mbali ina yake imene timaiphonya. Kasitomala amalipira mtunda womwe wakhala mgalimoto, koma galimoto imamwa mafuta pa mtunda wonse. Kupita kukamutenga, kubwerako wopanda munthu ukamusiya kutali, kuzungulirazungulira kusaka wina, zonsezo ndi makilomita opanda wolipira. Ngati theka la mtunda wanu wa tsiku mwayenda nokha, ndiye kuti kilomita iliyonse yolipidwa yakudyerani kawiri. Apa mpamene ulendo wautali umapusitsa anthu, ndalama yake imaoneka yonona koma ukaphatikiza kubwerera chabechabe umapeza kuti maulendo atatu afupiafupi mkati mwa tauni akanakupatsa zambiri. Onjezanipo injini kumangolira uli pamzere wa magalimoto, eyakoni kuyaka tsiku lonse chifukwa kasitomala akufuna kuzizira, matayala opanda mpweya wokwanira omwe amapangitsa galimoto kumwa kwambiri. Komanso mtengo wa mafuta suli m'manja mwathu. Mu March 2022, Russia italowa ku Ukraine, mafuta osayenga pa msika wa dziko lonse anapitirira madola 120 pa mgolo, ndipo madalaivala kulikonse anaona zomwe zimachitika, mtengo pa pampu umakwera usiku umodzi koma mtengo wa ulendo umatenga miyezi kuti anthu auvomereze. Miyezi imeneyo amene amalipira kusiyanako ndi dalaivala.

Nkhani ya sevisi. Mukatsegula kabuku kamene kamabwera ndi galimoto, makampani ambiri amaika ndandanda ziwiri, ya kayendedwe wamba ndi ya kayendedwe kolemetsa, ndipo takisi imagwera ku yolemetsayo, chifukwa cha kuimaima, injini kulira nthawi yaitali galimoto isakuyenda, fumbi, timaulendo tifupitifupi. Kutanthauza kuti oilo ndi mafyuluta ziyenera kusinthidwa msanga kuposa momwe amachitira neba wanu. Koma ife zinthu zikathina chinthu choyamba kuchichedwetsa ndi sevisi, timati ndipange kaye sabata imodzi, sabata imodziyo nkusanduka mwezi. Injini sidandaula tsiku lomwelo, imangosunga mangawa. Ine ndinapusitsidwapo ndi makanika wina amene ankandithirira oilo wotchipa wa mchigubu chopanda dzina uku akundilipiritsa wa wabwino, ndinazindikira injini itayamba kufuka utsi. Kuyambira pamenepo oilo ndimagula ndekha ndipo ndimaima pomwepo akamathira. Ena amati ndi kusakhulupirira anthu, ine ndimati injini ndi yanga.

Nde palinso matayala, mabuleki, mashoko, mabushi, klatchi, batire, lamba wa injini uja amene akaduka pa magalimoto ena amapha injini yonse. Chilichonse mwa izi chili ndi mtunda wake umene chimatha, ndipo kilomita iliyonse mukuyenda mukuluma kachidutswa ka chilichonse. Ku UK ndi mayiko a European Union lamulo limati mizere ya tayala isachepere mamilimita 1.6, koma aliyense amene anayendapo pa msewu wonyowa ndi tayala losalala akudziwa kuti ngozi imayamba usanafike nkomwe pamenepo. Apa sitikukambanso za ndalama zokha, kumbuyoko mwanyamula mayi wa munthu, mwana wa munthu. Dalaivala amene sanasunge ndalama ya matayala amakakamizika kusankha pakati pa kudya lero ndi chitetezo cha amene wawanyamula, ndipo sindikufuna mnzanga aliyense afike pamenepo.

Tsopano tifike pa chimene chimatipha kwambiri, chimene sichituluka lisiti, kutha kwa galimoto yeniyeniyo. Galimoto imene mwagula lero simudzaigulitsa mtengo womwewo pakatha zaka zitatu ili ndi makilomita ena 180,000 pa mita, mipando itang'ambika, zitseko zitatsegulidwa ndi kumenyetsedwa kambirimbiri. Kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wodzagulitsira ndi ndalama imene yatuluka mthumba mwanu, kungoti yatuluka mwakachetechete. Kuti muone kukula kwake, taonani ku America. Bungwe lawo lotolera msonkho la IRS chaka chilichonse limalengeza mlingo wa ndalama imene munthu angawerengere pa mailo imodzi akamagwiritsa galimoto pa bizinesi, mu 2024 inali masenti 67, mu 2025 inakwera kufika masenti 70. Pa masenti 70 amenewo, 33 anali a kutha kwa galimoto basi, pafupifupi theka. Mitengo imasiyana dziko ndi dziko, zimenezo nzoona, koma ganizirani kuti anthu amene ntchito yawo ndi kuwerengera, amene sapindula kanthu pokukomerani mtima, akuvomereza kuti gawo lalikulu chonchi la mtengo woyendetsera galimoto ndi chinthu chimene ife pa renki sitichitchula nkomwe.

Ndikanena izi pamakhala wina amene amati aaa ine galimoto yanga ndinagula kashi, ilibe ngongole, nde chilichonse ndapeza kuchotsa mafuta ndi changa. Ndimamumvetsa, chifukwa kugula galimoto popanda ngongole ndi thukuta lalikulu ndipo munthu amayenera kunyadira. Koma funso ndi loti galimoto imeneyi ikatha, ina mudzagula ndi chiyani? Ngati yankho ndi loti ndidzaona nthawi yomweyo, ndiye kuti bizinesiyo ili ndi tsiku lake lothera ndipo tsikulo likuyandikira ndi kilomita iliyonse. Ndalama munagulira ija inali mpamba. Wogulitsa malonda aliyense amadziwa kuti mpamba sadya, koma ife timadya mpamba tsiku ndi tsiku chifukwa mpamba wathu uli ndi mawilo ndipo m'mawa uliwonse umaliza injini ngati palibe chasintha. Ndaona anthu amene anayamba ndi galimoto yawoyawo, patapita zaka zinayi akuyendetsa ya munthu wina pa tageti, ndalama yoikika imene dalaivala amapereka kwa mwini galimoto tsiku lililonse, ndipo ukawafunsa amati zinangovuta. Zinavuta inde, koma zinayamba kuvuta tsiku loyamba.

Palinso zolipira zimene sizisamala kuti mwagwira ntchito kapena ayi. Inshulansi, laisensi ya galimoto, chilolezo chonyamulira anthu, kuyezetsa galimoto kuti ili bwino pamsewu, malo oimika usiku, foni ndi data. Izi zimayenda olo mukudwala, olo galimoto ili pa galaja, olo kuli maliro kwanu. Masabata asanu anga aja, zonsezi zinkawerengabe. Pa inshulansi pokha ndiime kaye, chifukwa anthu ambiri amayenda ndi inshulansi ya galimoto yapakhomo uku akunyamula anthu olipira, poti ndi yotchipa. M'mayiko ambiri inshulansi yonyamulira anthu pa malipiro ndi yosiyana ndipo ndi yodula, ndipo ikachitika ngozi kampani ikazindikira kuti munali pa ntchito ya takisi ikhoza kukana kulipira. Nde mwakhala mukulipira chaka chonse pepala limene tsiku la tsoka silikuthandizani, galimoto yaphwanyika, wovulala akufuna chipukuta misozi, zonse pa mutu panu. Amene walira mvula walira matope, ukafuna ndalama ya makasitomala vomerezanso mtengo wowanyamulira mwalamulo.

Ngongole nde imawonjezera moto. Banki kapena wobwereketsa amafuna yake pa tsiku lake, ndipo chiwongola dzanja ndi mtengo winanso umene uyenera kugawidwa pa kilomita iliyonse. Chimene chinachitika ku New York chimandiopsa mpaka pano. Kumeneko takisi zachikasu zija zimayenda ndi chilolezo chotchedwa medallion, dongosolo lomwe linayamba mu 1937, ndipo poti zilolezozo zinali zowerengeka mtengo wake unakwera mpaka kupitirira madola 1 miliyoni chimodzi cha m'ma 2014. Madalaivala ambiri, ochuluka mwa iwo obwera kuchokera kumayiko ena, anatenga ngongole zikuluzikulu kuti agule, poganiza kuti ndi chuma chodzasiyira ana. Atabwera magalimoto oitanitsa pa foni mtengo uja unagwa koopsa, koma ngongole sinagwe nawo. Anthu anatsala akugwira ntchito usana ndi usiku kubweza ndalama ya chinthu chimene chatha mtengo. Amene akufuna kutenga loni ya galimoto adzifunse kuti mwezi woipa, osati wabwino, ndikhoza kubweza?

Za ma app, mapulogalamu a pa foni oitanitsira galimoto aja. Uber inayamba ku San Francisco mu 2009, Bolt, imene kale inkatchedwa Taxify, inayamba ku Estonia mu 2013, ndipo sindikana kuti zinabweretsa zabwino, kasitomala amakupeza uli pomwe uli, kuzungulira kosaka anthu kumachepa, ndipo mlendo amene sakanakukhulupirira pa msewu amakwera mtima uli pansi. Koma komishoni imadulidwa pa ndalama yonse ya ulendo, osati pa phindu. Tiyerekeze kuti ulendo ndi 100, kampani yatenga 25, mwatsala ndi 75. Ngati mafuta, sevisi, matayala, inshulansi ndi kutha kwa galimoto pa ulendo umenewo, kuphatikiza mtunda wokamutengera munthuyo, zakwana 55, chanu ndi 20. Kampani yapeza zambiri kuposa inu pomwe ilibe tayala olo limodzi pa msewu. Ndipo mtengo wa ulendo amaika ndi iwo, akafuna kukopa makasitomala amatsitsa, galimoto ikutha ndi yanu. Mu February 2021 khoti lalikulu la ku UK linagamula pa mlandu wa madalaivala a Uber kuti iwo ndi antchito oyenera malipiro osachepera mlingo wa boma ndi tchuthi cholipidwa, ndipo linanenanso kuti nthawi ya ntchito ikuphatikiza pamene dalaivala watsegula app ali mdera lake akudikira ulendo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene inandigwira mtima, khoti kuvomereza kuti kudikira ndi ntchito. Ifeyo patokha maola odikirawo timawataya ngati si kanthu.

Izi zikundifikitsa pa malipiro a dalaivala mwini. Ngati mukuyendetsa galimoto yanu, mumadzilipira? Ambiri ayi, amangotenga chimene chatsala. Koma tayesani kuganiza kuti mwalemba munthu ntchito, mukanamupatsa zingati pa maola 12 kapena 14 pa tsiku? Ndalama imeneyo ichotseni kaye, chotsalacho nde phindu la bizinesi. Mukapeza kuti palibe chatsala, ndiye kuti muli ndi ntchito imene munaigula ndi ndalama zanu, ndipo mwina ntchitoyo ndi yokwanira kudyetsa banja, palibe chochititsa manyazi, koma muzidziwa kuti ndi momwe zilili. Thupi nalonso limatha. Msana, mawondo, maso usiku, kugwira mkodzo maola ambiri, kudya mothamanga, kugona pang'ono. Dalaivala wotopa ndi amene amagunda, ndipo ngozi imodzi imafufuta zonse munasunga chaka chathunthu.

Kwa mabwana amene muli ndi magalimoto nkupatsa anyamata pa tageti, ndikupempheni mwaulemu, tageti yanuyo munaiwerengera kapena munangomva kuti anzanu amalandira chonchi? Tageti ikakwera kupitirira chimene msewu ungapereke, dalaivala sachitira mwina, amathamanga, amalowa m'maenje osachepetsa liwiro, amabisa kaphokoso kamene wamva ku injini poopa kuti galimoto ikaima tsiku limodzi iye sadya. Inu mumalandira ndalama yanu madzulo aliwonse nkumasangalala, pomwe galimoto ikuphedwa. Ndipo inunso madalaivala, galimoto ya bwana mukaizunza mukudula nthambi imene mwakhalira. Njira imene ine ndaona ikugwira ntchito ndi yoti awiriwa akhale pansi, agwirizane kuti ya sevisi ndi matayala ikuchoka pati isanagawidwe ndalama iliyonse, tsiku la sevisi dalaivala asalipire tageti, ndipo mita ya makilomita ilembedwe m'mawa ndi madzulo onse akuona.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mnzanga wina anandiuza kuti iwe, zowerengera zakozi nzabwino, koma ine ndikakana ulendo poti mtengo wachepa, wa kumbuyo kwanga amutenga, nde ine ndigone ndi njala chifukwa cha masamu? Ali ndi mfundo. Pa renki tilipo ambiri, ndipo pamakhala wina amene wapanikizika ndi lendi kapena fizi, amene avomera chilichonse. Palinso nthawi imene ulendo wotchipa uli bwino kuposa kubwerera wopanda munthu, ngati ukulowera komweko kale, mafuta ukanawotcha basi. Sindikunena kuti muzikana aliyense wonenerera. Ndikunena kuti muzidziwa nambala yanu, kuti mukamatsitsa muzidziwa mwatsitsa zingati ndipo chifukwa chiyani. Amene amavomera mtengo wosakwana tsiku lililonse amakhala wotanganidwa kwambiri, foni yake imalira osaleka, koma akungofulumiza tsiku limene galimoto yake idzaime, ndipo asanafike pamenepo amakhala atazoloweretsa makasitomala mtengo umene palibe angakhale nawo moyo. Tikanakhala kuti tonse tikudziwa mtengo weniweni wa kilomita, kupikisana kwathu kukanakhala pa ukhondo wa galimoto, kusunga nthawi ndi ulemu, osati pa kuphana.

Inu makasitomala, kunenerera si tchimo, aliyense ndalama ikumuvuta. Koma mukamati pafupi pomwepa mpaka ndalama zonsezo, kumbukirani kuti munthuyo anachoka kwina kudzakutengani, anakudikirani mphindi khumi pa geti injini ikulira, ndipo akakusiyani abwerera yekha. Ndipo ngati mukufuna galimoto ya mabuleki ogwira ndi matayala abwino, ndalama yake imachokera pa ulendo wanu womwewo.

Ena akuti yankho ndi magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi a batire, ndipo pa kayendedwe ka mtauni ka imaima ndi zoona amapulumutsa mafuta ambiri, nchifukwa chake Toyota Prius, imene inatuluka koyamba ku Japan mu 1997, inadzaza m'ma takisi a m'mizinda yambiri. Koma musanagule funsani za batire yake yaikulu ija, ili ndi zaka zingati, ikafa ina ipezeka kuti, ndipo makanika woidziwa alipo pafupi? Galimoto yabwino ya takisi ndi imene masipeya ake amapezeka tsiku lomwelo, chifukwa tsiku lililonse ili pa galaja mukulipira zonse zija osalowetsa kanthu.

Chimene ine ndimachita pano nchosavuta, ndili ndi kope mgalimoto. M'mawa ndimalemba mita, madzulo ndimalemba mita, ndalama yalowa, malita ndathira, ndi china chilichonse ndagula olo ndi babu ya getsi. Ndinatenga zolipira zonse za pa chaka, ndinaphatikiza sevisi, matayala ndi zokonza, ndinaonjeza mtengo wa galimoto ina kugawa ndi zaka zimene ndikuganiza kuti iyi ikhala, zonsezo nkugawa ndi makilomita a chaka. Nambala imene inatuluka inali yoposa kawiri imene ndinkaganiza ndikungowerengera mafuta. Madzulo aliwonse ndimachulukitsa nambala imeneyo ndi makilomita a tsikulo, ndimachotsapo ya mafuta imene ndalipira kale pa pampu, yotsalayo imapita ku akaunti ina imene khadi yake imakhala kunyumba. Masiku ena chimene chimatsala kuti ndipite nacho kwa ana chimakhala chochepa moti mtima umawawa, ndipo kangapo ndayesedwa kuti nditapeko. Mwezi wathawu klatchi inayamba kuterereka, ndinapita kwa makanika Lachiwiri m'mawa, ndinalipira kuchokera ku akaunti ija, Lachitatu masana ndinali nditabwerera pa renki.